Kachipinda ka jombo ku Anfield

Bill Shankly atafika ku Liverpool mu December 1959, timuyi inali ikuvutika mu ligi yachiwiri. Kawirikawiri mphunzitsi watsopano amabwera ndi anthu ake, koma iye sanachotse amene anawapeza: Bob Paisley, Joe Fagan ndi Reuben Bennett.

Akuluakuluwa ankakumana m'kachipinda kosungiramo jombo za osewera pabwalo la Anfield, kotchedwa Boot Room. Ankakhalira makireti a mowa. M'mabuku awo ankalembamo za tsiku lililonse: mmene zokonzekera zayendera, amene wavulala, ngakhale mmene kunja kwachera. Masewero akatha, ankaitana aphunzitsi a timu ya alendo kuti adzanyowetse kukhosi, kwinaku akuwafunsa mochenjera za osewera awo.

Wongoonera patali akanati uku n'kupatsana ntchito pachinzake. Shankly atatula pansi udindo mu 1974, mpando unapita kwa Paisley, ndipo Paisley anasiyira Fagan mu 1983. Komatu Paisley sanalowere pawindo. Anabwera ngati wosewera mu 1939, anaphunzitsapo timu yachiwiri ya Liverpool, anasamalirapo ovulala, moti pomwe ankakwezedwa n'kuti atatha zaka 35 pakhomopo. M'zaka 9 anatenga ligi ka 6 ndi European Cup katatu. Fagan naye anakolola zikho zitatu m'chaka chake choyamba. Anthuwa ankadziwanadi, koma anadziwirana pa thukuta, aliyense ataona ndi maso zimene mnzake amatha.

Mwambo ukakhalitsa, anthu amaiwala chimene unayambira, n'kumangofuna mwana wapakhomo. Ligi ya 1990, pansi pa Kenny Dalglish, inakhala yomaliza kwa nthawi yaitali. Graeme Souness, kaputeni wawo wakale, anabwera mu 1991, ndipo m'nthawi yake kachipinda kaja kanagwetsedwa kuti atolankhani apeze malo. Womulowa m'malo, Roy Evans, amene anakulira mu Boot Room momwemo, anangopata League Cup ya 1995. Apa mpira unali utasintha, ndipo mu 1996 Arsenal inakatenga Arsène Wenger ku Japan.

Mu 1998 akuluakulu a timu anagonja n'kuitana Gérard Houllier wa ku France. Anachedwa nazo, chifukwa kukhulupirika kokha sikukanawinanso ligi. Amene anathetsa chilala cha zaka 30 mu 2020 ndi Jürgen Klopp wa ku Germany, ndipo mu 2025 Arne Slot wa ku Netherlands anaitenganso. Awiri onsewa sanasewerepo mu Liverpool.