Kuchokera ku Khola la Faraday Kufika ku Wodi za ku Mzuzu

Pomwe chipatala chachikulu cha Mzuzu chinkatsegulidwa m'chaka cha 2000 ndi thandizo la dziko la Taiwan, foni ya m'manja inali chinthu cha anthu owerengeka. TNM inali itayamba ntchito mu 1995 ndipo Celtel mu 1999. Lero namwino, mlangizi wa zaumoyo ndi wodikirira wodwala, aliyense ali ndi foni m'thumba, pafupi ndi makina oyeza mtima ndi othandiza kupuma. Foni iliyonse imatulutsa mafunde a wailesi, ndipo waya wa makina amatha kuwakoka ngati mlongoti. Zikatero makina amawerenga zolakwika, amaliza belu popanda chifukwa, kapena kuima kumene.

Njira yotetezera ndi yakale. Mu 1836, Michael Faraday wa ku London anakuta kachipinda ndi chitsulo chopyapyala, nalowamo, n'kuonetsa kuti mphamvu yamagetsi yochokera kunja imangoyenda pamwamba pa chitsulocho osafika mkati. Ichi ndi chomwe chimatchedwa khola la Faraday. N'chifukwa chake makina ambiri a m'chipatala amakhala m'bokosi lachitsulo ndipo mawaya ake amakutidwa ndi ulusi wamkuwa.

Mafoni atayamba kuchuluka, mu 1993 bungwe la IEC linatulutsa muyeso wa IEC 60601-1-2, wofuna kuti makina a zachipatala azipirira mafunde a zipangizo zina. Mu 2007, ofufuza a ku Netherlands anayesa mafoni pafupi ndi makina a odwala mwakayakaya. Anapeza kuti kusokonekera kunkachitika kwambiri foni ikayandikira masentimita ochepa, ndipo analimbikitsa kuti foni izikhala mita imodzi kutali ndi makinawo.

Kuno kwathu khola la Faraday linaonetsa phindu lake mu 2008, pomwe makina oyamba a MRI m'Malawi anaikidwa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. MRI imamvetsera mafunde ofooka kwambiri ochokera m'thupi, choncho imafuna chipinda chotchingidwa kuti mafunde akunja asaononge chithunzi. Ndi makinawa gulu la Dr Terrie Taylor linapeza kuti kutupa kwa ubongo ndiko kumapha ana ambiri odwala malungo a m'bongo, ndipo zotsatirazo zinasindikizidwa mu 2015. Popanda chitetezo cha chipindacho, zithunzizo sizikanaoneka bwino.

Vuto la chitsulo n'lakuti n'cholemera, n'chodula, ndipo china chimachita dzimbiri, makamaka kumalo achinyezi ngati Mzuzu. Makina a masiku ano akucheperanso, ena ngovala pathupi. Apa ndi pomwe ofufuza anatembenukira ku zinthu zoyezedwa m'mananomita. Nanomita imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1 miliyoni a milimita. Mu 1991 Sumio Iijima wa ku Japan anafotokoza timachubu ta kaboni. Mu 2004 Andre Geim ndi Konstantin Novoselov a ku Manchester anapatula graphene, kaboni wopyapyala ngati atomu imodzi. Mu 2011, pa Drexel University ku America anapeza zinthu zotchedwa MXene, ndipo mu 2016 zinaonetsedwa kuti kachikuto ka MXene kopyapyala ngati tsitsi kamatchinga mafunde mofanana ndi chitsulo. Chinsinsi chake ndi timiyalo tambirimbiri tosanjikizana: funde likalowa limangogundagunda pakati pa timiyaloti mpaka mphamvu yake itatha. Zambiri mwa zinthuzi zikadali m'malabotale, pomwe ofufuza akulimbana ndi mtengo wake komanso kuonongeka kwa MXene ikakumana ndi mpweya ndi chinyezi.

Pakadali pano chitetezo chili m'manja mwa ogwira ntchito m'wodi. Foni ikhale mita imodzi kutali ndi makina a wodwala mwakayakaya. Munthu amene anaikidwa kachipangizo kothandiza mtima kugunda asaike foni m'thumba la pachifuwa, italikire masentimita 15. Waya wosupuka kapena chivundikiro chosweka si nkhani ya maonekedwe chabe, ndi khola lobooka, ndipo akatswiri okonza makina adziwitsidwe tsiku lomwelo. Makina akaonetsa nambala zosagwirizana ndi momwe wodwala akuonekera, namwino asunthe mafoni ndi matchaja, agwire mtsempha ndi dzanja, kenako ayezenso.