Loko wa Bramah, chipewa cha ku Germany ndi njinga yamoto yanu

Njinga yamoto ndi katundu wovuta kusunga. Galimoto ili ndi zitseko ndipo ndi yolemera, koma njinga anyamata atatu amangoitukula n'kuiponya m'pikapu, loko ali pomwepo. N'chifukwa chake aliyense amene wagula, kaya ndi ya kabaza kaya yopitira kuntchito, amafunsa kuti loko wosatheka kuthyola ndi uti. Funsoli ndi lakale kuposa njinga yamoto imene, ndipo yankho lake linapezeka ku London mu 1851.

Joseph Bramah anapanga loko wake mu 1784. Anamukhulupirira kwambiri moti anamuika pawindo la sitolo yake ku Piccadilly, n'kulonjeza ndalama zokwana 200 guineas kwa aliyense amene angamutsegule popanda kiyi. Lokoyo anakhala pamenepo zaka zoposa 60. Kenako kunabwera Alfred Charles Hobbs wa ku America, amene anadzera chionetsero chachikulu cha Great Exhibition. Anayamba watsegula loko wotchuka wa Chubb pasanathe ola, ndiye n'kutembenukira kwa Bramah. Anamutsegula ndithu, koma zinamutengera maola 51 m'masiku 16, akugwira ntchito mwamtendere popanda womuthamangitsa.

Ambiri pofotokoza nkhaniyi amati Bramah anagonja. Ine ndimaona maola 51 aja. Ndi wakuba uti angagwade pakhomo pa munthu milungu iwiri? Chimene loko amagulira mwini wake ndi nthawi, ndipo maloko amasiyana pa kutalika kwa nthawiyo basi. Mu 2004 pa intaneti panatuluka mavidiyo oonetsa maloko ena a njinga a kampani ya Kryptonite akutsegulidwa ndi chikunje cha bolopeni ya Bic m'masekondi ochepa. Kampaniyo inachita kusinthira makasitomala ake maloko. Loko wa pa handulo amene amabwera ndi njinga naye ndi wa masekondi: kumenya handulo mwamphamvu, kachitsulo kam'kati kamathyoka.

Za alamu sizifuna mawu ambiri. Augustus Russell Pope wa ku Massachusetts analembetsa alamu yamagetsi mu 1853: chitseko chikatseguka, belu linkalira. Mpaka lero alamu sigwira munthu, imangoitana. Ngati palibe wotuluka, kapena anthu anatopa nayo chifukwa imalira ndi mphaka yemwe, ndiye kuti yangodya batire.

Chimene chinagwetsa kwambiri kuba njinga zamoto ku Ulaya sichinali loko kapena alamu. Mu 1980 dziko la West Germany linayamba kulipiritsa pompopompo aliyense woyendetsa njinga yamoto osavala chipewa choteteza mutu. Cholinga chinali kuchepetsa imfa za pamsewu, nkhani ya kuba munalibemo. Koma pofika 1986 milandu yoba njinga zamoto inali itatsika ndi 60 peresenti n'kupitirira. Akatswiri atatu, Pat Mayhew, Ronald Clarke ndi David Elliott, anafotokoza chifukwa chake mu 1989. Ambiri mwa akubawo anali achinyamata ongoba chifukwa mpata wapezeka, mwina pofuna chokwera chobwererera kunyumba usiku. Munthu wotero sayenda ndi chipewa m'manja, ndipo kukwera yobayo mutu uli pamtunda kunali kudziitanira apolisi. Chodabwitsa n'chakuti sanasamukire onse kukaba magalimoto kapena njinga zopalasa, ambiri anangoleka. Ku London kuba kunatsikanso lamulo la chipewa litayamba mu 1973.

Akuba okonzekera, amene amaba kuti akagulitse, chipewa sichiwaletsa. Cha m'ma 2017 mzinda wa London unavutika ndi magulu oba njinga zamoto zing'onozing'ono, ena atanyamula makina a batire odulira zitsulo. Apolisi sanalonjeze loko wosaduka. Analangiza kuphatikiza zinthu: loko wa pa buleki yakutsogolo, tcheni chodutsa m'tayala lakumbuyo n'kumangirira ku chinthu chosasuntha, ndi chinsalu chovindikira. Chinsalucho ena amachiseka, koma wakuba amasankha ndi maso, ndipo kuvundukula ndi nthawi inanso. Tcheni chisagone pansi, chifukwa pansi pamakhala ngati mwala wosulirapo kwa munthu wa hamala.

Tsono taganizani za kwathu kuno. M'misewu ya Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, woyendetsa njinga yamoto wopanda chipewa sadabwitsa munthu, ndipo njinga zambiri za kabaza zilibe nambala. Wakuba akangodula tcheni n'kukhota pakona wasowa, chifukwa akufanana ndi wina aliyense. Pamene mnyamata wa kabaza akukana kulembetsa njinga poopa mtengo, ndimamumvetsa, ndalamazo n'zambiri kwa munthu wodya za tsiku. Koma njinga yosalembetsa ikabedwa, ngakhale itapezeka ku polisi, umboni woti ndi yake ndi wovuta. Nambala ya injini ndi ya chasisi zimadindidwa pa chitsulo cha njingayo. Kuzijambula pa foni n'kusunga limodzi ndi risiti yogulira sikufuna ngakhale tambala.