Gogodera

Gogodera ndi mfuti yachikale imene wonga ndi chipolopolo zimalowetsedwa kukamwa kwake, n'kuzitsendera ndi kamtengo kapena kachitsulo. Imawomba kamodzi kokha, kenako mwini wake amayamba waikanso wonga.

Mbiri

Mfutizi zinachuluka m'dera la Nyanja ya Malawi m'zaka za m'ma 1800. Zambiri zinali zakale zimene asilikali a ku Ulaya anasiya kugwiritsa ntchito. Amalonda a Chiswahili, Chiyao ndi Chipwitikizi ankazisinthanitsa ndi minyanga ya njovu komanso akapolo.

Angoni a Maseko ankadalira nthungo ndi zishango, koma mfuti zinasintha kamenyedwe ka nkhondo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890, Gomani, mwana wa Chikuse, ankalimbana ndi Kachindamoto wa banja la Chifisi, ndipo mbali zonse zinkafuna thandizo la mafumu a Chiyao omwe anali ndi mfuti. Pamapeto pake anthu a Kachindamoto anakhazikika m'chigwa cha Mtakataka ku Dedza.

Gogodera sinkatha kulimbana ndi mfuti zolowetsera chipolopolo kumbuyo monga Snider ndi Martini-Henry, zimene asilikali a Britain anali nazo. Pangano la ku Brussels la 1890 linaletsanso kugulitsa mfuti zamakono m'mbali yaikulu ya Africa. Mu 1896 atsamunda anagonjetsa Gomani n'kumupha.

Masiku ano

Dzinali limatchulidwanso pa mfuti zosula pamudzi, zimene alenje opha nyama mozembera amagwidwa nazo. Ku Malawi, kusunga mfuti popanda chilolezo cha boma ndi mlandu.