Nambala yodzikana yokha: mbiri ya NaN

Ku Muizenberg, m'mbali mwa nyanja ku Cape Town, kuli sukulu ya masamu ya AIMS yomwe Neil Turok adayambitsa mu 2003. Ophunzira ake, ochokera m'maiko osiyanasiyana a mu Africa muno, amayamba msanga kulemba mapulogalamu m'chinenero cha kompyuta cha Python. Sipapita masiku wina asanagwire pakamwa: walemba 0.1 + 0.2, makina n'kuyankha 0.30000000000000004. Mwana wa Sitandade 5 sangaphonye chonchi.

Kompyutayo sinapenge ayi. Imawerenga ndi 0 ndi 1 basi, ndipo 0.1 salowa yense m'timalo 64 tomwe amapatsidwa, ngati mmene 1 kugawa ndi 3 sathera papepala. Imangodula mchira.

Kale zidali zoipirapo. Pa makampani a makompyuta a IBM, DEC ndi Cray, iliyonse inkadula mchirawo mwakemwake, moti samu imodzi inkabala mayankho osiyana. William Kahan wa ku yunivesite ya Berkeley, yemwe adathandiza Intel kukonza kachipangizo ka 8087 ka mu 1980, ndiye adatsogolera ntchito yothetsa chipwirikiticho. Kuchokera m'ntchitoyi, lamulo la IEEE 754 lidatuluka mu 1985, ndipo mu 1989 iye adalandira mphoto ya Turing.

Lamuloli lidaika manambala m'magulu asanu: wamba, ang'onong'ono zedi oyandikira ziro, ziro mwiniwake (alipo awiri, +0 ndi -0), opanda malire, ndi NaN, kutanthauza kuti "si nambala". Uyu ndiye wondisangalatsa. Amabadwa samu ikasowa yankho, monga pochotsa chopanda malire pa chopanda malire. Ukafunsa ngati NaN ali wofanana ndi NaN, kompyuta imakana kwamtuwagalu! Kwa zaka zambiri akatswiri ankamugwira ndi khalidwe lomweli: nambala ikadzikana yokha, ndi iyeyo. Python idabwera mu 1991, koma math.isnan, njira yake yofufuzira NaN, idalowamo mu 2008.

Izi si zoseweretsa. Telesikopu ya MeerKAT, ya madishi 64 ku Karoo, idatsegulidwa mu 2018 ndipo zomwe imatola kumwamba zimatumizidwa ku Cape Town. Pa zithunzi za akatswiri a zakuthambo, kadontho komwe palibe choyezedwa kamalembedwa NaN. Kamodzi kokha kakalowa m'samu yophatikiza, yankho lonse limatuluka NaN. Nsomba ikaola imodzi, zonse zaola. Inu amene mwayamba kuphunzira Python, musanaphatikize manambala anu, yambani mwawafunsa ngati alidi manambala.