Dzina Lobisalira: Kodi Limakweza Mlembi Kapena Limamumiza?

Kwathu kuno munthu sakhala ndi dzina limodzi. Pali la paubwana, pali lomwe ena amapatsidwa akatuluka ku chinamwali, palinso laulemu lomwe amaitanidwa nalo akabereka, monga bambo a uje kapena mayi a uje. Mfumu nayo ikalongedwa timati yalowa dzina, ndipo lakale lija limanka liiwalika. N'chifukwa chake ife amene tasonkhana pamwambo uno sitingadabwe kumva kuti alembi ambiri akhala akusindikiza mabuku m'maina osakhala awo. Funso ndi lakuti, kodi dzina lobisaliralo limathandiza kuti buku limveke, kapena limalimiza? Mbiri ya ulembi ili ndi mayankho amene ndi ofunika kuwasinkhasinkha.

Ena adabisa maina chifukwa chakuti adali akazi. M'chaka cha 1846, ku England, atsikana atatu apachibale, Charlotte, Emily ndi Anne Brontë, adasindikiza ndakatulo zawo m'maina a Currer, Ellis ndi Acton Bell. Patapita zaka, Charlotte adafotokoza kuti ankaopa tsankho limene anthu a nthawiyo adali nalo pa zolemba za amayi. Komabe maina atsopanowo sadawathandize, pakuti m'chaka choyamba mabuku awiri okha ndiwo adagulidwa. Chaka chotsatira, 1847, Charlotte adatulutsa Jane Eyre m'dzina lomwe lija la Currer Bell, ndipo bukulo lidatchuka nthawi yomweyo. Dzina lidali lomwelo, chimene chidasintha ndi zimene zidali m'kati mwa chikuto.

Chomwechonso Olive Schreiner wa ku South Africa, amene ankaphunzitsa ana m'mafamu a ku Karoo. Buku lake, The Story of an African Farm, lidatuluka ku London m'chaka cha 1883 m'dzina lachimuna la Ralph Iron. Posakhalitsa zidadziwika kuti mlembi wake ndi mayi, koma anthu sadasiye kuliwerenga. Lero la Ralph Iron ndi ochepa amalikumbukira, pomwe la Schreiner likadatchulidwabe.

Ena dzina latsopano adalipeza m'masiku olimbana ndi atsamunda. Marcelino dos Santos, mmodzi mwa amene adayambitsa chipani cha Frelimo ku Mozambique, ankalemba ndakatulo m'dzina la Kalungano. Ku Angola, Artur Pestana adalowa nkhondo yomenyera ufulu akutchedwa Pepetela, ndipo nkhondo itatha adapitiriza kulemba m'dzina lomwelo mpaka adalandira mphoto ya Camões m'chaka cha 1997. Mnzake, José Vieira Mateus da Graça, adadzitcha Luandino Vieira posonyeza chikondi chake pa mzinda wa Luanda. Dzinalo silidamutchinjirize ku ndende ya Apwitikizi. Buku lake, Luuanda, litapatsidwa mphoto m'chaka cha 1965 iye ali m'ndende, boma la Portugal lidatseka bungwe la alembi lomwe lidapereka mphotoyo. Kwa alembi otere, dzina latsopano lidali ngati mbendera yosonyeza mbali imene adaima.

Koma amene adayesa nkhaniyi mwadala ndi Doris Lessing, yemwe adakulira pafamu ku Southern Rhodesia, dziko lomwe lero ndi Zimbabwe. Atatchuka kale padziko lonse, adafuna kuona mmene osindikiza mabuku amalandirira mlembi wosadziwika. Adalemba buku m'dzina la Jane Somers, ndipo kampani ya Jonathan Cape, yomwe inkasindikiza mabuku ake, idalikana osadziwa kuti ndi lake. Kampani ina italitulutsa m'chaka cha 1983, kenako lachiwiri m'chaka cha 1984, ochepa ndiwo adagula ndipo manyuzipepala sadalabadire kwenikweni. Ataulula kuti Jane Somers adali iye, mabuku omwe aja adasanduka nkhani m'kamwam'kamwa. Mayiyu adadzalandira mphoto ya Nobel m'chaka cha 2007. Phunziro lake ndi lowawa: nthawi zambiri ogula amayamba kuona dzina asadawerenge chiganizo n'chimodzi chomwe.

Ku France zinthu zidatembenuka. Romain Gary adapata mphoto yaikulu ya Goncourt m'chaka cha 1956, mphoto imene saipereka kawiri kwa munthu mmodzi. Atakula, openda mabuku ambiri adayamba kumuona ngati wotha ntchito, pajatu mutu ukakula sulewa nkhonya. Iye adayamba kulemba m'dzina la Émile Ajar, ndipo m'chaka cha 1975 Ajar adapata mphoto yomwe ija. Chinsinsi chidaululika iye atamwalira kale m'chaka cha 1980. Kwa Lessing dzina lenileni lidali makwerero. Kwa Gary lidali goli, ndipo lobisalira ndilo lidamumasula.

Tikaziika pamodzi nkhanizi, tikuona zinthu ziwiri. Choyamba, dzina lili ndi mphamvu pa tsiku loyamba. Limatsekula kapena kutseka khomo la wosindikiza, ndipo limakopa kapena kubweza wogula. Chachiwiri, mphamvuyo sikhalitsa. Zaka zikapita, buku limaima palokha. Dzina lotchuka pachikuto cha buku lopanda phindu ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Buku lolembedwa mwaluso limapeza owerenga ngakhale mwini wake atabisala, malinga litapeza mwayi wofika m'manja mwa anthu.

Izi ife tikuzidziwa kuchokera kwa makolo athu. Nthano, miyambi, zilapi ndi nyimbo zimene zikumveka pabwalo lero zidapekedwa ndi anthu amene maina awo adapita ndi mphepo, koma ntchito yawo ikadali moyo. Komabe pamenepa palinso chisoni. Agogo amene adayamba kunena mwambi umene timaukonda sitingathe kuwathokoza, ndipo adzukulu awo sangathe kunyadira. Samuel Josia Ntara, amene buku lake Nthondo lidapata mphoto m'chaka cha 1933, timamulemekeza lero chifukwa dzina lake lidalembedwa pamodzi ndi ntchito yake.

Tsono kwa inu achinyamata amene muli ndi mtima wolemba mbiri ya mtundu wathu, nkhani ndi iyi. Ngati pali chifukwa chenicheni chobisira dzina, kaya ndi chitetezo kaya ndi kufuna kuyamba mwatsopano, palibe cholakwa, akuluakulu ambiri adadzera njira yomweyo. Koma musabisale kuti munyoze anzanu kapena kufalitsa bodza, pakuti wolemba mbiri amayenera kupezeka pamene afunsidwa komwe adazimva. Ndipo mukakhala pansi ndi agogo kuti akusimbireni zakale, lembani dzina lawo, mfunda wawo, mudzi wawo ndi tsiku limene mwacheza nawo. Inu mungasankhe kubisa dzina lanu, koma la amene akupatsani nzeru lisatayikenso monga adatayikira a makolo aja.