Mwana wa mnzako anali wako yemwe

Mwana wa zaka 4 akamamenya anzake ku nasale kapena kutukwana akulu, ife a ku Chipata timafulumila kunena amake kuti amamulekelela. Koma mbili yathu ikuonetsa kuti kulela sikunali kwa amai okha.

M'midzi ya Achewa mwamuna ankalowa chikamwini, ndipo mwana ankakulila pakati pa mbumba: ambuya, amai aang'ono, ndi malume amene anali ndi mau omaliza. Kwa Angoni a ku Nyasaland, monga analembela Margaret Read m'buku lake la 1959, mwana akaleka kuyamwa ankapita kwa agogo a kwa atate ake. Amai akapsa mtima, panali wina wozizilitsa.

Zinthu zinayamba kusintha Mpezeni atagonjetsedwa mu 1898. Atsamunda a ku Fort Jameson anaika msonkho wa nyumba, ndipo amuna ananyamuka kukaufuna m'mafamu a fodya, ku Southern Rhodesia, kenako ku migodi ya ku Copperbelt. Amai anatsala ndi khasu ndi ana, komabe mbumba inalipo. M'ma 1970, Robert Serpell wa pa University of Zambia atafunsa akulu a m'midzi ya ku Katete za nzelu za mwana, iwo anatchula kumva ndi kutumikila. Zimenezi mwana ankaziphunzila potumidwa ndi mudzi wonse.

Lelo ku Mchini, Navutika kapena Kapata, mai wa m'nyumba ya lendi amafika madzulo atalema ndi malonda, ambuya ali kumudzi. Chomutsalila n'kukalipa, kapena kumupatsa mwana foni kuti atonthole. Diana Baumrind, pofufuza ana a nasale ku California m'ma 1960, anapeza kuti ana okhazikika bwino ndi a makolo achikondi koma olimba pa malamulo, ofotokozela mwana chifukwa chake. Chikondi ndi kulimbako kale tinkagawana ambili; lelo tasenzetsa munthu mmodzi.

Kuyambila 2022 nasale za boma n'zaulele, ndipo lamulo la Children's Code Act la chaka chomwecho likuletsa kulanga mwana pomumenya. Chikwapu chaletsedwa, koma lamulo silingabweze ambuya kumudzi. Malo awo atsala kwa ife, aneba ndi a mumpingo: kumutenga mwanayo kwa ola limodzi, kumutuma, kumudzudzula mofatsa, amake apumeko.