Kuchepa kwa okosijeni mu ubongo kumalo okwera

Kuchepa kwa okosijeni mu ubongo kumalo okwera ndi vuto lomwe limadza munthu akakwera m'mwamba kwambiri, monga pa phiri lalitali, magazi ake n'kulephera kufikitsa okosijeni wokwanira ku maselo a ubongo. Achipatala amalitcha hypoxia. Kawirikawiri limayamba kuoneka pamalo okwera mamita oposa 2,500 kuchokera pa nyanja yamchere. Limasokoneza kukumbukira, kuganiza ndi kayendedwe, ndipo likakula limapha.

Chomwe chimachititsa

Mpweya uli ndi okosijeni pafupifupi 21 peresenti, kaya kuchigwa kaya pamwamba pa phiri. Chomwe chimasintha ndi mphamvu yomwe mpweyawo umakanikiza nayo. Pa mamita 5,500 mphamvuyi imatsala pafupifupi theka, ndipo pansonga ya Everest, pa mamita 8,849, imatsala gawo limodzi mwa magawo atatu. Motero munthu akapuma, okosijeni wolowa m'magazi kudzera m'mapapo amachepa.

Zomwe zimachitika m'maselo

Ubongo umalemera pafupifupi 2 peresenti ya thupi, koma umagwiritsa ntchito 20 peresenti ya okosijeni yense, ndipo susunga wapadera. Okosijeni akachepa, maselo amalephera kupanga mphamvu zokwanira zotumizirana mauthenga. Vutoli likapitirira, mankhwala a mu ubongo otchedwa glutamate amachuluka, kashiamu amalowa m'maselo mopitirira muyeso, ndipo maselo ena amafa. Mbali yothandiza kukumbukira zatsopano, yotchedwa hippocampus, ili m'gulu la zomwe zimawonongeka msanga.

Zizindikiro

Zizindikiro zoyamba zimabwera pakangopita maola angapo: mutu, nseru, chizungulire, kutopa ndi kusowa tulo. Munthu amachedwa kuyankha, amaiwala, ndipo amalakwitsa masamu osavuta. Choopsa n'chakuti nzeru zoti azindikire nazo ngoziyo ndi zomwe zimayamba kufooka, moti ena amamva kukondwa n'kukana kutsika.

Gawo loopsa kwambiri ndi kutupa kwa ubongo, komwe kumatchedwa HACE mwachidule. Madzi amatuluka m'mitsempha ya magazi n'kudzaza ubongo. Wodwala amayenda dzandidzandi ngati woledzera, amasokonezeka mutu, kenako amakomoka.

Mbiri

Pa 15 Epulo 1875, anthu atatu a ku France anakwera m'mwamba ndi chibaluni chotchedwa Zénith mpaka mamita oposa 8,000. Anali ndi matumba a okosijeni, koma anafooka n'kukomoka asanawagwiritse ntchito mokwanira. Joseph Crocé-Spinelli ndi Théodore Sivel anamwalira, ndipo Gaston Tissandier yekha ndiye anapulumuka. Mu 1878, katswiri wa sayansi Paul Bert anasindikiza buku losonyeza kuti gwero la matendawa ndi kuchepa kwa okosijeni. Patapita zaka 100, mu 1978, Reinhold Messner ndi Peter Habeler anafika pansonga ya Everest popanda okosijeni wa m'mabotolo.

Kuzolowera kwa thupi

Munthu akamakwera pang'onopang'ono, thupi limazolowera. Amapuma mofulumira, ndipo impso zimatulutsa homoni yotchedwa EPO yomwe imachulukitsa maselo ofiira a magazi. Anthu a ku mapiri a Andes amakhala ndi hemoglobini wambiri, pomwe a ku Tibet ali ndi chibadwa chosiyana, chokhudza jini ya EPAS1, chomwe chimawathandiza kukhala kumtunda magazi awo osalimba kwambiri. Komabe kupitirira mamita 8,000 thupi silingazolowere, n'chifukwa chake okwera mapiri amatcha malowa dera la imfa.

Kupewa ndi chithandizo

Kupitirira mamita 3,000, achipatala amalangiza kuti malo ogona asamakwere ndi mamita oposa 500 pa tsiku, komanso kupumula tsiku limodzi pakatha masiku atatu kapena anayi. Mankhwala a acetazolamide amathandiza thupi kuzolowera msanga. Ubongo ukayamba kutupa, wodwala amatsitsidwa nthawi yomweyo, n'kupatsidwa okosijeni ndi dexamethasone. Sayenera kutsika yekha, ndipo anzake ndi omwe amamusankhira chochita.

Ku Malawi, nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje, yotalika mamita 3,002, imadutsa malire omwe zizindikiro zoyamba zimaonekera. Chiopsezo n'chachikulu pa phiri la Kilimanjaro ku Tanzania, lotalika mamita 5,895, lomwe alendo ambiri amalikwera m'masiku ochepa thupi lisanazolowere.